Chipere chimene ndinachitcha chikanga

Lero ndaona odwala ambiri, koma amene sakundichoka m'mutu usiku uno ndi mayi wina amene ndinawaona koyamba masabata atatu apitawo. Anabwera ndi chigamba choyabwa pa mkono, chouma pang'ono. Ndinangochiyang'ana mwachangu, n'kunena kuti ndi chikanga, ndipo ndinawalembera mankhwala opaka a betamethasone. Ndinalankhula motsimikiza. Anathokoza n'kunyamuka.

M'mawa uno abweranso. "Adokotala, masiku oyamba kuyabwa kunaleka, koma taonani pano." Chigamba chija chakula mpaka kuchigongono, m'mphepete mwake mwafafanizika, ndipo timatuza tamwazika apa ndi apo. M'pamene ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa tsiku loyamba lija: kodi kunyumba kuli winanso amene akukanda? Anati mwana wawo wamng'ono ali ndi mabanga m'mutu, tsitsi likuthothoka.

Ndinapala timamba ta khungu m'mphepete mwa chigambacho, kuika pa kagalasi, kudonthezera mankhwala oyezera otchedwa potassium hydroxide n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Timaulusi ta fangasi, tizilombo toyambitsa chipere, tinaoneka bwinobwino. Chinali chipere. Mankhwala a m'gulu la steroid, monga betamethasone uja, amaziziritsa kutupa ndi kuyabwa, wodwala n'kumaganiza kuti akuchira, pamene chitetezo cha khungu chafooka ndipo fangasi akuyanga mwakachetechete. Mphete yodziwika ija ya chipere imasowa. M'mabuku athu amachitcha tinea incognito, kutanthauza chipere chobisala. Wochibisa ndinali ine.

"Mayi, ndinalakwitsa ndine. Mankhwala aja muwasiye lero." Ndinawapatsa terbinafine, mankhwala opha fangasi, ndipo ndinawapempha kuti abwere ndi mwanayo, chifukwa chipere cha m'mutu sichimva zopaka zokha. Fangasi amalowa m'mizu ya tsitsi, choncho pamafunika akumwa, monga griseofulvin, kwa masabata 6 mpaka 8. Sanakwiye. Anangofunsa kuti khungu lidzabwerera mwakale liti.

Pa nthawi yopuma ndinakhala ndekha kumaganiza. Ife madokotala oona matenda onse timakumana ndi khungu tsiku lililonse, koma kusukulu ya udokotala phunziroli tinangolidutsa pamwamba. Zithunzi zambiri za m'mabuku amene ndinawerenga zinali za anthu a khungu loyera, ndipo tinaloweza kuti kutupa kumafiira. Pa khungu lakuda sikufiira choncho. Kumaoneka kotuwa, kapena kodera kuposa khungu lozungulira, ndipo nthawi zina chala chimamva kukakala maso asanaone kanthu. Chinanso n'chakuti munthu akadandaula za mtima kapena chiwindi, palibe amene amadabwa tikati tiyeze kaye. Koma khungu lili poyera, wodwala waliona kale, achibale aliona kale, ndiye dokotala amachita manyazi kunena kuti sakudziwa. Manyazi amenewo ndi amene amatilembetsa steroid msanga.

Masana zinayenda. Kamnyamata kena kanabwera ndi mphere: kuyabwa kokula usiku, tizilonda pakati pa zala ndi m'mfundo za manja, abale ake onse akukanda. Apa sindinakayike. Permethrin wa 5 peresenti, banja lonse lipake tsiku limodzi, abwerezenso pakatha masiku 7, zovala ndi zofunda azichape m'madzi otentha. Ndinawachenjeza kuti kuyabwa kungapitirire mpaka masabata 4 ngakhale tizilombo tafa, kuti asaganize kuti mankhwala alephera. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linaika mphere pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha mu 2017, ndipo likuti pa nthawi iliyonse anthu oposa 200 miliyoni ali nayo. Ndikaona ana osagona chonchi, ndimamvetsa.

Womaliza anali bambo wachikulire amene anadzera kuthamanga kwa magazi. Povala nsapato anatchula za banga lakuda kuphazi, losapweteka, limene lakhala likukula. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. M'mphepete mwake ndi mokhotakhota, mtundu wake wosakanikirana. Khansa ya khungu yotchedwa melanoma, mwa anthu akuda, imakonda malo ngati amenewa: kuphazi, m'chikhatho, pansi pa chikhadabo. Ndinawauza kuti, "Bambo, ine sindingathe kunena kuti ichi n'chiyani pongoyang'ana. Pakufunika adule kachidutswa akakayeze." Atandilola ndinajambula chithunzi, n'kulemba kalata yowatumiza kwa katswiri wa khungu mwachangu.

Ndisanatseke chipinda ndinatenga timagalasi ndi kabotolo ka potassium hydroxide kuja kumakhala, n'kuika pa tebulo langa pafupi ndi cholembera. Mayi aja abwera Lachisanu ndi mwana wawo.