Dokotala amene ana amasiye ankamuzenga mlandu

Masiku ano mtima wanga uli pa bambo wina wa ku Warsaw m'dziko la Poland, Janusz Korczak, dzina lake lenileni Henryk Goldszmit. Anali Myuda, dokotala wa ana, koma mu 1912 anasiya za kuchipatala nkukakhala ndi ana amasiye achiyuda m'nyumba yotchedwa Dom Sierot, pa msewu wa Krochmalna nambala 92, limodzi ndi mayi Stefania Wilczyńska. Nyumbayo inamangidwa ndi ndalama zomwe Ayuda anzawo anasonkha, paja kwa iwo kuthandiza osauka amati tzedakah, mawu amene tsinde lake ndi chilungamo, ndiye kuti wosauka akungolandira zake basi.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi khoti. Eee, anawo anali ndi khoti lawolawo, oweruza ana anzawo, ndipo mwana amatha kusumira ngakhale munthu wamkulu akamulakwira, Korczak mwiniwakeyo anazengedwapo kangapo konse ndipo amapita kukayankha mlandu osanyinyirika. Ife tinakula tikuona mwana wamasiye akudya mkute pakona, mawu alibe, akangoyankhula akuti ndi wamwano, ndiye taganizani mwana ngati ameneyo akuuzidwa kuti dandaulo lako lilembedwa ndipo limvedwa. Sabata iliyonse Korczak ankawakweza anawo pa sikelo nkulemba m'buku, ndipo mu 1926 anayambitsa nyuzipepala yolembedwa ndi ana, Mały Przegląd.

Kenako nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1940 a Nazi a ku Germany anawathamangitsira mu ghetto ya Warsaw, dera lotchingidwa ndi mpanda komwe ankatsekera Ayuda, anawo anachuluka mpaka pafupifupi 200, njala ili tho, matenda a typhus ali ponseponse, mkuluyu atakalamba kale ankayenda khomo ndi khomo thumba lili kumsana kupempha mbatatesi ndi ndalama, osachita manyazi ngakhale pang'ono poti pakhomo pali ana. Anzake a kunja kwa mpandawo anamuchonderera kuti amubise, iye anakana.

Kumayambiriro kwa Ogasiti 1942 asilikali anabwera. Anawo anafola mizere atavala zovala zawo zabwino, anayenda wapansi mpaka pokwerera sitima, Korczak ali nawo, mayi Stefania ali nawo, ulendo wa ku Treblinka, msasa wophera anthu, komwe onse anaphedwa.

Lero ku Treblinka kuli miyala masauzande ambiri yokumbukira ophedwa, ndipo pali umodzi wolembedwa dzina lake ndi mawu akuti "ndi ana". Dzina la mayi Stefania, omwe kwa zaka 30 ankadzuka usiku mwana akatentha thupi, palibe pamwalapo, ndipo zimenezi zimandiwawa.