Makanema a geni asamatalike chonchi

Anzanga ochita geni kuno ku Zomba, makanema anu otsatsa malonda akutalika udyo. Munthu wagula bandulo ya tsiku limodzi, sangadikire moni wanu wautaliwo. Onetsani katunduyo pompopompo, mtengo muulembe pakanemapo, poti ambirife timaonera m'minibasi foni ili duu.

Mayi wina wa ku Mpondabwino amangojambula dzanja lake likutapa mpunga m'thumba n'kuuthira m'mbale, osalankhula kanthu. Pansi pake: mtengo, malo, "Mpamba ndi Airtel Money zotheka". Basi. Ana a ku Chanco amatumizirana okha pa WhatsApp.

Pojambula foniyo iziima chilili, panja pamene kwawala, osati m'shopu ya mdima. Ndipo wina akafunsa mtengo m'makomenti muuzeni pomwepo, za "bwerani ku inbox" zija zimatithawitsa.