Mmene ndimakonzekerera review ya BP kuti nanenso ndikhale ndi mawu pa mankhwala anga

Tsiku la review, lokaonedwanso ku kiliniki, munthu umatha m'mawa wonse uli pa benchi, koma m'chipinda cha a dokotala umakhalamo mphindi zowerengeka. Mphindi zimenezo ndi zimene zimagamula mankhwala amene udzamwe miyezi ikubwerayo. N'chifukwa chake ine ntchito ndimaiyambira kunyumba, kutatsala sabata imodzi.

Masiku 7 amenewo ndimadzipima m'mawa ndisanamwe mankhwala, ndi madzulo ndisanagone. Ambiri timalakwitsa pomwepa. Ndimayamba ndakataya madzi, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakweza manambala. Kenako ndimakhala pa mpando wotsamira, mapazi onse pansi, osapingasa miyendo, n'kupuma mphindi 5 osalankhula. Mkono ndimauika pa tebulo kuti lamba wa makina akhale molingana ndi mtima, ndipo amakhala pakhungu, osati pamwamba pa juzi. Khofi kapena fodya pa mphindi 30 zapitazo zimasokoneza. Lamba wothina pa mkono waukulu amaonetsa BP yokwera kuposa mmene ilili, choncho amene muli ndi thupi funsani za saizi ya lamba musanagule makina. Ndimapima kawiri, kusiyanitsa mphindi imodzi, n'kulemba zonse ziwiri. Opanda makina angathe kupimitsa ku famase ya pafupi masiku angapo, bola alembe.

Ndimalemba m'kabuku wamba ka ana a sukulu. Mzere umodzi umaoneka chonchi: "Lachitatu, 06:30, 148/92 ndi 145/90, sindinagone bwino, dzulo ndinamwa diclofenac wa msana." Mawu a kumapetowo ndi ofunika ngati manambala omwe. Diclofenac ndi ibuprofen, amene timangogula pa kauntala thupi likaphwanya, amakweza BP ndipo amalemetsa impso. A dokotala sangalote kuti mukumwa zimenezi.

Phindu la kabukuka ndi lakuti nambala imodzi ya ku kiliniki siifotokoza sabata yonse. Munthu wapanikizana mu minibasi, wayenda mofulumira kuti apeze malo pa mzere, ena mtima umangogunda akaona yunifomu. Ku kiliniki malire amene amayang'ana ndi 140/90, koma kunyumba, poti munthu uli phee, amafuna manambala asafike 135/85. Ukangodalira ya ku kiliniki akhoza kukuonjezera mankhwala osafunikira, kapena kukusiya pa mlingo wochepa chifukwa tsikulo yatsika.

M'chikwama ndimaikamo kadi ya ku kiliniki, chitupa cha NRC, kabuku, ndi mankhwala onse m'mapaketi ake, ngakhale a zitsamba ngati ndikumwa. Kunena kuti "tumapiritsi toyera tating'ono tija" sikuthandiza aliyense, poti mapiritsi oyera alipo mazana.

Ndikafika, a sista akandipima sindinyamuka ndisanafunse: "A sista, yatuluka bwanji lero?" Ndimalemba pomwepo. Ngati andipima ndikadali wefuwefu, ndimapempha mwaulemu kuti abwereze ndikapuma pang'ono.

Tsopano m'chipinda. Ife tinaleredwa kuti ukafunsidwa kuti muli bwanji uyankhe kuti ndili bwino, ndipo ambiri nkhani imathera pomwepo, fayilo n'kutsekedwa. Moni ndimayankha ndithu, koma nthawi yomweyo ndimatsegula kabuku n'kuyamba ndi chimene chandivuta kwambiri: "A dokotala, manambala a sabata ino ndi awa. Vuto langa ndi miyendo, ikutupa chiyambire mlingo watsopano." Osayamba ndi mbiri ya chaka chatha, nthawi ingathe nkhani yeniyeni isanafike.

Pano m'pofunika kuwadziwa mankhwala ako ndi dzina komanso khalidwe lake. Amlodipine kawirikawiri amayambira pa 5mg ndipo sapitirira 10mg pa tsiku. Kwa ena, makamaka pa 10mg, amatupitsa akakolo: m'mawa nsapato imalowa bwino, pofika madzulo yathina, ndipo ukadinikiza chala chachikulu pamwamba pa kakolo masekondi angapo pamatsala kadzenje. Kutupa kotere kungachokerenso ku mtima kapena impso, n'chifukwa chake kuyenera kuonedwa ndi a dokotala, osangoganizira. Enalapril kwa ena amabweretsa chifuwa chouma, chokanda pakhosi, chosamva mankhwala a chifuwa. Anthu amamwa masirapu miyezi ndithu osadziwa kuti gwero lake ndi piritsi la m'mawa uliwonse. Hydrochlorothiazide amakodzetsa, choncho amamwedwa m'mawa, ndipo angathe kutsitsa potassium, mchere wofunika m'magazi, kapena kuutsa gout, matenda otupitsa ndi kupweteketsa mfundo za mafupa.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti ambiri zikawachitikira zimenezi amangosiya mwakachetechete, n'kubwera ku review akunena kuti akumwa. A dokotala akaona BP yokwera amaganiza kuti mlingo wachepa, amaonjezera mankhwala omwe aja, vuto n'kukulirakulira. Pamene njira zilipo: kutsitsa amlodipine n'kuphatikiza wina pang'ono, kapena kuchotsa enalapril n'kuika losartan amene kawirikawiri sakhosomoletsa. Ngati ndinadumpha masiku ndimanena mosabisa kuti anali masiku angati komanso chifukwa chake, kaya ndi kuiwala, ulendo, kapena mankhwala kutha.

A dokotala akanena zosintha, sindingoti chabwino. Ndimafunsa kuti pali njira ina iti, ndipo ubwino ndi kuipa kwake n'kotani. Ndimafunsa kuti ndiyembekezere masabata angati ndisanaone kusintha, chifukwa mankhwala a BP samuweruza ndi masiku atatu, amafuna masabata angapo. Ndimafunsanso chizindikiro chimene chikaoneka ndibwerere tsiku lisanakwane. Ndipo ndimanena za moyo wanga mmene ulili. Woyendetsa basi kapena wogulitsa pa msika wopanda chimbudzi pafupi ali ndi chifukwa chomveka chokanira piritsi lokodzetsa, koma a dokotala adziwa pokhapokha atauzidwa. Amayi amene muli ndi pakati kapena mukufuna kutenga pakati nenani msanga: enalapril ndi losartan amavulaza mwana m'mimba, ndipo amakusinthirani ku ena monga methyldopa kapena nifedipine.

Ndisanatuluke ndimakumbutsa za mayeso a impso otchedwa creatinine, komanso a mkodzo ndi a shuga, ngati papita chaka osapimidwa kapena ngati ndangoyamba enalapril. Kenako ndimabwereza ndi pakamwa panga: "Ndiye kuti amlodipine ndibwerere pa 5mg, uyu watsopano kamodzi m'mawa, ndibwere pakatha mwezi. Ndamva bwino?" Ngati ndinamva molakwika, apa m'pamene zimakonzedwa. Malangizo a WHO a 2021 amati munthu akayamba kapena kusintha mankhwala azionedwa mwezi uliwonse mpaka BP ikhazikike, kenako pa miyezi 3 mpaka 6.

Pa windo la famase ndimawerenga kapepala ka pa kajumbo ndisanachoke: dzina la mankhwala, mphamvu yake, ndi 1x1 kapena 1x2 imene alemba. Piritsi la 5mg ndi la 10mg amatha kufanana maonekedwe, ndipo mtundu wa piritsi umasintha kampani ikasintha. Mankhwala akakhala kuti palibe, ndimapempha pepala lolembedwa bwino loti ndikagulire, ndipo mamembala a NHIMA, bungwe la inshulansi ya zaumoyo, afunse ngati angakatengere ku famase yovomerezeka ndi bungweli. Kudula mapiritsi pakati kuti afike kumapeto kwa mwezi kumangosiya BP ili pamwamba mwezi wonse.

Ngati ndikumwa mitundu itatu mokhulupirika koma manambala sakutsika, kapena mayeso a impso sanatuluke bwino, ndimafunsa ndekha za kalata yotumizira kutsogolo. Mu Lusaka njira yake imachokera ku kiliniki kupita ku zipatala monga Chilenje, Chawama, Kanyama, Matero kapena Chipata, ndipo kuchokera kumeneko ndi ku zipatala zazikulu za UTH kapena Levy Mwanawasa. Kalatayo ndimaijambula pa foni ndisanaipereke, pamodzi ndi zotsatira za mayeso.

Za mchere a dokotala amangoti chepetsani, ndiye muyeso wake nawu: osafika magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera zonse. Muli mchere wa mu kapenta wouma, soseji, buledi, timakyubu tokometsera ndiwo, ndi soda wa mu delele ndi chikanda. Kapenta ndimamunyika m'madzi n'kutaya madziwo ndisanaphike.

Pali nthawi imodzi imene sindidikira review. Makina akaonetsa 180/120 kapena kuposa ndimapuma mphindi 5 n'kubwereza, ikakhalabe pomwepo ndimapita ku chipatala tsiku lomwelo. Koma pakakhala kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino, mutu woopsa, kukamwa kupindika, lilime kulemera, kapena mkono ndi mwendo wa mbali imodzi kufooka, palibe zobwereza kupima: ndi kupita ku casualty nthawi yomweyo, kabuku ndi mapaketi a mankhwala zili m'manja mwa wondiperekeza.