Ulendo wa ku Leeds: gulu la maliro mumzinda wa akadzidzi

Amene simunapite Loweruka lija mwaphonya, ndipo musatinamize kuti nonse munali pa shifiti. Ife a gulu lothandizana pa maliro tinapita kukamva mmene anzathu a ku Leeds amachitira. Tinanyamuka ku Manchester titachedwa ola lathunthu chifukwa cha munthu yemwe mukumudziwa kale, ndiye tili pakati pa msewu wa M62 mpamene amayi a komiti ya zakudya anakumbukira kuti mthiko watsala pa tebulo. Ufa ulipo, usipa ulipo, mthiko ayi. A Tcheya anangoti ku Leeds kulinso Amalawi, mthiko sungasowe.

Anzathu a ku Leeds anati tisanalowe mu holo tiyambe taona tauni yawo, n'kutitengera pa bwalo la Millennium Square. Abale inu, kungokweza maso pa Civic Hall, nyumba ya khonsolo, akadzidzi awiri agolide ali pamwamba pa nsanja, ena ali pansi pompa akutiyang'ana. Gogo wathu anaima n'kugwira pakamwa, amvekere "ana inu, gulu lothandizana pa maliro mukulibweretsa kwa akadzidzi, mukufuna thumba lithe mwezi uno?" Ife kuseka mpaka misozi koma iwo sankaseka ayi, kwawo kadzidzi akalira padenga usiku anthu amamugenda ndi chikuni chamoto ndipo kukacha amakhala akudikira uthenga. Kujambulitsa anakana kwamtuwagalu, n'chifukwa chake pa chithunzi cha gulu chija mukungoona chikwama chawo.

Mwana wa achemwali athu a ku Leeds, uja ali ku yunivesite, ndi amene anayesa kuwatsitsa mtima. Akuti akadzidziwa anachokera pa chizindikiro cha banja la Sir John Savile, mkulu woyamba wa khonsolo ya tauniyi mu 1626, ndipo Civic Hall ija chitsegulireni mu 1933 sinagwepo. Akuti ku Greece kadzidzi ndi mbalame ya Athena, mulungu wawo wakale wa nzeru, mpaka ali pa ndalama yawo ya 1 euro, pomwe ku India ena amati ndi amene amanyamula Lakshmi, mulungu wa chuma. Anafika mpaka ku nyenyezi, kuti mu 1822 Alexander Jamieson anajambula kadzidzi dzina lake Noctua pa mapu a kumwamba atatera pa mchira wa njoka ya Hydra, koma pa magulu 88 a nyenyezi ovomerezeka lero mulibemo. Gogo amvekere "mwaonatu, ngakhale kumwambako anamupirikitsa." Amene anakondwa ndi a Msungichuma okha, akuti tiike kadzidzi wa Lakshmi pa sitampa ya gulu mwina ena aja angayambe kusonkha pa nthawi yake.

Pa zomwe tinapitira, anzathu anatifotokozera mmene amasonkhera mwezi ndi mwezi komanso mapepala ofunika potumiza thupi kumudzi. A Mlembi analemba zonse, tidzamva pa msonkhano.

Nsima inaphikidwa ndi mthiko wobwereka ndipo inalibe mibulu, nkhwani wotendera anatha a Tcheya asanamalize pemphero. Tili mkati modya foni ya Gogo inalira, nambala ya kumudzi, holo yonse zii, wina mbamu ili m'malere. Anayankha manja akunjenjemera. Anali mdzukulu wawo, akufuna ya bando.

Zikomo anzathu a ku Leeds, mthiko wanu tinaupeza m'chikwama chathu titafika, mudzautenga mukadzabwera. Zikomonso a dalaivala popirira kwaya ya kumbuyo ija.