Dzira linapsera m'mutu

Malume anga anandiuza mosapita m'mbali kuti ku Dedza sindingapite ndi tsitsi limeneli. "Mphwanga," anatero pafoni, "anthu akumudzi akakuona ndi zingwe zakozo adzati tawabweretsera wosuta chamba. Kamete." Ine ndinawayankha mwaulemu wonse kuti ngakhale Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula mu 2023 kuti ana a madiredi asamabwezedwe m'sukulu za boma. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Kumene tikupitako si kusukulu ya boma. Tikukapempha mkazi."

Sindinamete. Ku Limbe komwe ndimakonza mafoni aliyense amanditchula Rasi, ngakhale Lamulungu ndimaimba besi m'kwaya ndipo nyama ya nkhumba sindiikana. Tsitsili ndinalipota chifukwa chongolikonda, ndipo Nabanda, amene ndimati ndikamupempheyo, analikondanso. Iye anangondichenjeza chinthu chimodzi: "Bwerani nalo, koma likhale laukhondo. Amayi anga fungo amalimva lidakali kutsidya kwa mtsinje."

Kunena zoona, tsitsi langa linalibe vuto lililonse. Ndinkalichapa m'mawa dzuwa likawala kuti lifike madzulo litauma, ndinkadzola timafuta ta nsatsi pakhungu pokha mfundu zikayamba kuvuta nyengo yozizira, ndipo usiku ndinkamanga kansalu koterera kuti ubweya wa bulangete usalowerere. Linali tsitsi labwinobwino. Kungoti munthu akamapita kukaonekera kwa apongozi, zabwinobwino zimaoneka zochepa. Ndinkafuna liwale.

Wondiponya m'dzenje anali mnzanga wa benchi yoyandikana ndi yanga, wogulitsa machaja ndi makava a mafoni. Munthu ameneyu mutu wake ndi mpala kuyambira tsiku limene ndinamudziwa, koma pa nkhani ya tsitsi amalankhula molimba mtima kuposa aliyense. Anandionetsa kanema wa pa TikTok. Mayi wina wakunja, tsitsi lake lalitali lomasuka mpaka m'chiuno, akusakaniza peyala, mazira ndi uchi m'mbale, kupaka, kutsuka, kenaka kugwedeza mutu tsitsi lili waliwali. "Rasi, uku ndiye kudyetsa tsitsi," anatero mnzangayo. "Ukafika ku Dedza akakupatsa awiri."

Lachisanu madzulo ndinagula peyala lalikulu la ku Thyolo, mazira awiri ndi kabotolo ka uchi. Unali mwezi wa June, chiperoni chitagwira Blantyre yense, phiri la Ndirande losaoneka. Ndinaponda zinthuzo ndi supuni mpaka zinasanduka phala lobiriwira, ndipo ndinapaka diredi lililonse kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, kulifinya bwinobwino kuti chakudya chilowe mkati. Pamwamba ndinavala jumbo. Mayi wa mukanema uja anati theka la ola. Ine ndinaganiza kuti ngati theka la ola liwalitsa chotero, nanga maola atatu? Ndinagona chagada pampando n'kutsegula wailesi.

Ndinadzidzimuka pakati pa usiku. Wailesi inali itazima, magetsi atathima. Ndinafufuza njira mpaka kumpopi panja, kupotokola, mpopi n'kungopuma mpweya. M'nyumba munali madzi a ndowa imodzi, ozizira oti kuika chala chimachita dzanzi. Ndani angathire madzi otere pamutu mu June? Ndinakoleza mbaula, kuika poto wamkulu, n'kudikira mpaka nthunzi itayamba kutuluka. Ndinasakaniza ndi ozizira pang'ono chabe, chifukwa ndinkawasunga.

Dzira silidikira kuti madzi awire. Akangopitirira pang'ono madigiri 60, loyera lija layamba kale kulimba. Izi ndimazidziwa lero. Usiku umenewo, nditawerama m'bafa mumdima, ndinangomva kafungo ka mazira ophika, ndipo ndinadabwa kuti neba wanga akuphikiranji chakudya cham'mawa nthawi imeneyi. Madzi anatha ndisanafike mbali ya kumbuyo. Ndinafinya ndi thaulo, kukulunga madiredi onse, kuvala chipewa chaubweya, n'kukagona ndi mtima wa munthu amene wamaliza ntchito.

M'mawa kunali kamvula kowaza. Galasi sindinayang'ane, nthawi inali itatha. Ndinavala suti yobwereka n'kuthamangira ku Wenela komwe malume ankandidikira. Ataona chipewa anasangalala. "Eya, bola wabisa. Usavule."

M'minibasi mawindo onse anali otseka chifukwa cha kuzizira. Tikufika pa Lunzu, mayi amene anakhala kumbuyo kwanga anatembenuza mwana wake n'kusuzumira m'thewera. Sanapeze kanthu. Anamubwezera kumsana akundiyang'ana m'khosi. Tisanawoloke Shire pa Zalewa, kondakitala anayamba kufunsa kuti ndani wakwera ndi nsomba zowola, ndipo bambo wina wosalakwa amene ananyamula kathumba ka usipa anakakamizidwa kukaika kubuti. Ine ndinathandiza nawo kudandaula. Ndinanena mokweza kuti anthu ena saganizira anzawo.

Cha ku Ntcheu dzuwa linatuluka, galimoto inatentha, ndipo pansi pa chipewa panayamba ntchito. Poyamba kunali kuyabwa. Kenaka china chake chomata chinayamba kutsetsereka kuseri kwa khutu, kulowera m'kolala ya shati yoyera. Pa Lizulu titaima, anthu anatsegula mawindo kuti agule mbatatesi ndi kabichi. Ntchentche za pamsika zinalowa, kudutsa anthu onse, kudutsa ngakhale nthochi zakupsa zimene mtsikana wina ananyamula, n'kudzatera pa ine. Malume anandiyandikira, kununkhiza, n'kubwerera msanga. "Mphwanga, dzulo unadya chiyani?" Ndinati nsima ya nyemba. Anagwedeza mutu ngati afuna kukhulupirira.

Kumudzi woyamba kutilandira anali galu. Sanauwe. Anandizungulira mwachikondi, n'kukhala pafupi ndi mwendo wanga, maso ali pachipewa.

Anatikhazika pamipando pansi pa mtengo, azibambo mbali ino, azimayi pamphasa chapatali. Moni anayamba monga mwa mwambo, mmodzimmodzi. Amayi a Nabanda anabwera, kugwada patali ndithu monga achitira apongozi, kutipatsa moni ndi mawu ofatsa. Ndinaona mphuno yawo ikugwedezeka. Atabwerera anauza mtsikana wina kanthu, ndipo mphasa inakokedwa kupita patsogolo pang'ono. Ine mumtima ndinati ulemu wa kuno ndi waukulu.

Atsibweni a Nabanda, bambo wamtali wa jekete lakuda, anakonza kukhosi. "Alendo athu, takulandirani. Koma kuno kwathu mnyamata savala chipewa pamaso pa akuluakulu." Malume, omwe aja anati ndisavule, anandigunda ndi chigongono. "Vula."

Chipewa sichinafune kuchoka. Ndinachikoka ndi manja awiri, chinamatuka ndi kaphokoso, ndipo madiredi anagwera pamapewa onse pamodzi, atagwirana. Peyala linali litada, lasanduka lakhaki. M'mipata monse munali tizidutswa toyera ta dzira lakupsa. Fungo limene linakhala m'ndende kuyambira usiku linatuluka nthawi imodzi, ndipo mwana wina amene anaima pafupi anathawa akuitana amake. Kachidutswa kamodzi kanagwa pansi. Nkhuku ya mawanga inathamanga, kutola, n'kuima pomwepo kudikira kena. Zinzake zinamva.

Panalibe wolankhula. Amene anaswa chetecho anali agogo ake a Nabanda, mayi wokalamba wa maso ofooka amene anakhala pakhonde. Anayandikira ndi ndodo yawo, kundiyang'anitsitsa, n'kufunsa malume, "Chilonda chimenechi chinayamba liti? Mwapita naye kuchipatala?"

Malume anati, "Ayi mayi, ndi mankhwala a m'tauni." Anandiyang'ana ndi diso loti fotokoza wekha.

Ndinafotokoza. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Amuna anga, mwati mazira angati?"

"Awiri, agogo."

"Ndi peyala lathunthu?"

"Eya, agogo."

"Ndi uchi. Nanga pakamwa panalowa chiyani?"

"Palibe, agogo."

Anatembenukira kwa azimayi pamphasa paja. "Mwamva? Kumene akupita mwana wathuyu, ndiwo amadyetsa tsitsi." Kuseka kunayambira kwa azimayi, kufika kwa ana, mpaka atsibweni a jekete lakuda anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Nabanda ndinamuona akulowa m'khitchini atagwira pakamwa, ndipo sanatulukemo msanga.

Wondipulumutsa anali mkulu wake wa Nabanda, amene amagwira ntchito mu saluni ku Lilongwe. Mlamu saopa mlamu wake. Anandigwira dzanja pamaso pa anthu onse. "Alamu, dzukani. Nkhani ya ukwati aisamala akuluakulu, inu nkhani yanu ili kubafa." Anandivula jekete ndi shati, kundifunditsa chitenje cha amayi a Mvano, n'kundigwaditsa pa njerwa kuseri kwa nyumba. Ana anatumidwa kumjigo ndi zidebe.

Anathira m'beseni madzi ofunda pang'ono, oti chigongono chimakhalamo osadandaula, n'kusungunulamo soda yemwe uja wophikira therere. Anandiviika mutu kwa kanthawi, kenaka anayamba kufinya diredi limodzilimodzi kuchokera kutsinde kutsikira kunsonga. Madzi oyamba sindingawafotokoze pagulu. Anataya, kuthira ena, kufinyanso. Pakamwa pake sipanapume.

"Mayi wa mukanemayo tsitsi lake ndi lomasuka, chipeso chimadutsa, madzi amatsuka zonse. Diredi ndi chinkhupule, alamu. Chimene mwaikamo chimakhala momwemo. N'chifukwa chake sitipaka vaselini, sitipaka phula, sitipaka chilichonse cholemera. Mafuta opepuka, pang'ono, pakhungu. Inu mwaikamo chakudya cha ana awiri."

Ndinayesa kunena kuti vuto linali madzi otentha. Anandikankhira mutu m'beseni.

"Madzi otentha ndi mlandu wachiwiri. Wachitatu ndi chipewa. Tsitsi lonyowa simulitsekera. Kunja limaoneka louma, mkati muli madzi, ndipo mukalifunditsa limachita chuku. Fungo la chuku likakhazikika, ena amathera kumeta. Muzichapa m'mawa, muzifinya ndi nsalu yosasiya ubweya, muzikhala padzuwa. Kukakhala chiperoni, pitani ku saluni akakuumitseni ndi dulaya, kapena dikirani tsiku lina."

Dzira lakupsa silisungunuka. Tizidutswa tina anachita kutitokosola ndi singano ya kroshe imene anali nayo m'chikwama, ndipo kamtsikana kena kanapatsidwa ntchito yoingitsa nkhuku, zimene zinali zitatitsatira mpaka kubafa. Ali pakati pa ntchitoyo anaima, n'kundigwira pamphumi. "Amakupotani ndani? Akukoka kwambiri. Onani apa patsogolo payamba kupyapyala. Mukamapotetsa pafupipafupi chifukwa chofuna kuoneka bwino sabata iliyonse, mizu imatopa, tsitsi limathothoka, ndipo mukachedwa silimeranso. Pazidutsa mwezi ndi kuposerapo. Akamapota mukamva kuwawa, nenani, si mpikisano wa kupirira." Pomaliza anatsukuluza ndi madzi osakaniza ndi viniga pang'ono, n'kundichenjeza kuti soda si wa masiku onse chifukwa amaumitsa khungu ndi tsitsi lomwe. Ananditsina khutu kuti ndisaiwale.

Kenaka anandiyanika. Palibe mawu ena. Anandikhazika pamwala kuseri kwa nkhokwe, pafupi ndi mphasa ya ufa umene ankauyanikanso, madiredi atawamwaza pamsana kuti lililonse lione dzuwa. Ku Dedza dzuwa la June limawala koma mphepo yake imaluma, ndipo ine ndinali m'chitenje chokha. Kutsogolo kwa nyumba ndinkamva mawu a malume ndi atsibweni akukwera ndi kutsika, akukamba za moyo wanga wonse ine kulibe. Ana anakhala mondizungulira. Wina anafunsa ngati ndikamva njala ndimayamwa tsitsi. Galu uja anadutsa chapatali atanyamula chipewa changa, ndipo sindinamuitane.

Nsima anandibweretsera pomwepo. Ndiwo zinali nkhuku ndi mpiru. Nabanda ndiye anabweretsa madzi osamba m'manja, anagwada, maso ali pansi monga mkazi waulemu, n'kunong'ona kuti, "Amayi amati aphike mazira, agogo awaletsa. Akuti mwina mungapake."

Dzuwa litapendeka malume anabwera, kuima patsogolo panga, kundiyang'ana nthawi yaitali. "Avomera," anatero. "Tsiku la chinkhoswe tagwirizana. Za tsitsi sanatchule n'komwe zometa. Angopempha kuti tsiku limenelo mutu wako auone kaye mlamu wakoyo usanatuluke m'nyumba." Ndinati ndiye kuti khoti la ku Zomba linanena zoona. Anati ndikatchulanso khoti ndibwerera wapansi.

Potsanzikana, amayi a Nabanda anagwada pamtunda woyenera apongozi, ndipo mphasa sinasunthe. Agogo anatiperekeza mpaka pamsewu atanyamula nkhuku ya mawanga ija, miyendo yomanga ndi luzi. Anaipereka kwa ine ndi manja awiri. "Amuna anga, iyi yakuzolowerani kale, pitani nayo. Ikayamba kuikira, mazira azitola Nabanda."

M'minibasi yobwerera ndinaiika pamiyendo. Kuyambira pa Lizulu inayamba kutambasula khosi n'kumajompha nsonga za madiredi, limodzi ndi limodzi, kufufuza ngati mlamu anasiyako kanthu. Pa Chingeni malume anailanda n'kuitembenuza kuti iziyang'ana kuwindo.