Mankhwala atha koma matenda akadalipo: muzitani pobwerera kuchipatala

Anthu ambiri amene matenda awo amadziwika mochedwa kuno ku Mangochi sikuti anangokhala pakhomo ayi. Anapita kuchipatala, mwina kangapo konse, koma ulendo uliwonse nkhani inkayambira pachiyambi. Lero ali pa chipatala chaching'ono cha kwawo, mwezi wamawa pa kiliniki yolipira pa Boma, kenako kogula mankhwala, ndipo konseko akulandira zomwezomwezo: panado, LA, amokisilini. Dokotala amene mzere wamufikira panja amayamba waganizira matenda ofala, ndipo sakulakwa. Chimene chimamupangitsa kufufuza mozama ndi kuona kuti mankhwala a matenda ofalawo anaperekedwa kale koma sanathandize.

N'chifukwa chake buku la kuchipatala lizikhala limodzi. Ena amagula latsopano pageti akaiwala lakale, ena amabisa dala lakalelo poopa kukalipiridwa kuti akuyendayenda. Apo mwadzipweteka nokha, chifukwa mwafufuta umboni woti ili ndi vuto la miyezi, osati la dzana. Likadzaza, sokererani latsopano pa lakale, ndipo jambulani masamba ake pafoni. Musanatuluke m'chipinda funsani mwaulemu: "Adokotala, mukuganizira matenda anji, ndipo ndibwerenso liti zikapanda kusintha?" Pofotokoza, tchulani nthawi yeniyeni. "Kuyambira kale" sizithandiza. "Kuyambira nthawi yokolola" kapena "Ramadani isanayambe" zimamveka.

Malungo ndiwo amabisa matenda ambiri. LA amamwedwa masiku 3, kawiri patsiku, munthu wamkulu mapiritsi 4 nthawi iliyonse, ndipo amalowa bwino m'thupi mukadyera chakudya chamafuta monga phala la nsinjiro. Ngati mwamaliza bwinobwino koma thupi likutenthabe, bwererani, musakagule LA wina. Dziwaninso kuti kachipangizo koyezera magazi a pachala kamatha kuonetsabe malungo kwa masabata angapo tizilombo titafa kale, choncho pobwereza pamafunika kuunika magazi pa maikulosikopu. Akakuuzani kuti mulibe malungo, funso likhale lakuti "nanga ndi chiyani?"

Likodzo ndiye lofunika kulikambapo kwambiri, poti ndife anthu a kunyanja. Amene amasamba, kuchapa kapena kukoka khoka m'nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mumtsinje wa Shire amakumana nalo kawirikawiri, ndipo mwana akakodza magazi ena amangoti ndi zakukula. Si zakukula. Mazira a nyongolotsi zake amakhazikika m'chikhodzodzo, ndipo pakapita zaka amatha kuwononga impso kapena kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Mkodzo wokayezetsa ndi bwino kuutenga pakati pa 10 koloko mmawa ndi 2 koloko masana, nthawi imene mazira amatuluka ambiri, makamaka m'madontho omaliza. Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye munthu wa makilogalamu 60 amamwa mapiritsi 4 a mamiligalamu 600, atadya kaye. Mankhwalawa sapha nyongolotsi zosakhwima, n'chifukwa chake nthawi zina amabwerezedwa pakapita masabata ochepa. Munthu wamkulu amene wamwa praziquantel koma akukodzabe magazi afunika sikani ya chikhodzodzo ndi impso, osati kungowonjezera mapiritsi.

Kwa amayi, likodzo limafikanso ku chiberekero n'kumapereka zizindikiro zofanana ndi matenda opatsirana pogonana: kupweteka m'chinena, ukazi wosintha, magazi akakhala malo amodzi ndi bambo. Mabanja amakangana, jakisoni wa chinzonono amabayidwa mobwerezabwereza, vuto lili pomwepo. Zizindikiro zomwezi ndi zimenenso khansa ya khomo la chiberekero imayamba nazo. Mayi amene walandira mankhwala a matenda opatsirana osachira, kapena waona magazi atasiya kale kusamba, apemphe kuti amuone khomo la chiberekero ndi maso. Kuyeza khansayi popaka viniga pa khomo la chiberekero kumatenga mphindi zochepa ndipo zotsatira zimadziwika tsiku lomwelo. Auzeni anamwino kuti mumagwira madzi a kunyanja, musadikire kuti akufunseni ndi iwo.

Chifuwa chopitirira masabata 2, makamaka ngati mukuonda ndi kutuluka thukuta usiku, chimafuna kuyeza makhololo pa makina oyezera TB otchedwa GeneXpert. Kwa amene ali ndi HIV, musadikire masabatawo. Ambiri amapereka malovu m'kabotolo m'malo mwa makhololo, zotsatira n'kubwera zoti mulibe TB. Tsukani mkamwa ndi madzi, pumani mozama kangapo, khosomolani kuchokera pansi pa chifuwa. Chinanso chosachedwa nacho ndi nsima kukakamira pammero mpaka munthu kuyamba kudalira phala. Mankhwala a zilonda zam'mimba sayankha zimenezo, pamafunika kuunika kummero ndi kachubu ka kamera.

Pokafuna thandizo lokulirapo, tsatani njira. Kuchokera ku Makanjira, Namwera kapena Monkey Bay mumatumizidwa ku chipatala cha boma pa Mangochi, ndipo icho chimatumiza ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kungokwera basi opanda kalata nthawi zambiri kumathera pobwezedwa, ndalama ya thiransipoti itapita. Kalatayo ionetse zimene zayezedwa kale ndi mankhwala amene mwamwa. Funsaninso tsiku limene kiliniki ya matenda anu imachitika, chifukwa madokotala akuluakulu saona odwala a mtundu uliwonse tsiku lililonse. Akadula kanyama kokayeza khansa, lembani tsikulo ndi nambala yake m'buku, siyani nambala ya foni yogwira, ndipo tsiku limene anakuuzani likadutsa pitani nokha mukafunse. Zotsatira zimatha kufika n'kukhala mufayilo mwini wake akudikira kunyumba.

Mukaona kuti simukumvedwa, pemphani kuonana ndi dokotala wina kapena wamkulu wa pamalopo, ndi ufulu wanu. Zipatala za boma za m'maboma zili ndi ofesi ya ombudsman yolandira madandaulo, ndipo nkhani za khalidwe la dokotala zimapita ku bungwe loyang'anira madokotala la Medical Council of Malawi. Popita kumeneko tengani buku lija, masiku amene munabwera, ndi wachibale mmodzi amene analipo.