Loweruka la mawaya ndi mavalavu ku Area 25

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga wa ku Kawale, anafika m'mawa uno atakumbatira katoni momwe munali ampulifaya (chokuzira mawu) ya mavalavu, timababu tagalasi tija ta m'mawayilesi akale, imene anaitanitsa kunja ili zidutswazidutswa n'kuilumikiza yekha. Dandaulo lake linali lakuti atangoiyatsa usiku wathawu fyuzi inapsa nthawi yomweyo, ndipo iye anali atagamula kale mlandu. "Amalume, anditumizira mavalavu akufa," anatero asanakhale n'komwe pansi. Ndinamuuza kuti aike katoniyo patebulo la pakhonde pomwe pali kuwala kokwanira, ndi kuti asatchulenso za mavalavu kufikira titayeza zonse mwadongosolo, kuchokera pa pulagi mpaka pa sipika.

Ampulifayayi ndi yaing'ono: ili ndi valavu imodzi ya 12AX7 yokweza mawu akamalowa, ndi ma EL84 awiri, imodzi kumanzere ina kumanja, oyendetsa masipika. EL84 inayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo ku America imadziwika kuti 6BQ5. Ndisanalowetse chala m'kati ndinayeza makapasita akuluakulu ndi mita, popeza amasunga magetsi oposa 250V ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo mphamvu imeneyo ikhoza kupha munthu. Anali opanda kanthu, komabe ndinamuonetsa mnyamatayo m'mene amawakhuthulira kudzera mu rezisita, kachida kochepetsa kayendedwe ka magetsi. Kuwagunditsa ndi sikuludiraiva monga amachitira ena kumathethetsa moto ndi kuwononga kapasita.

Nkhani ya fyuzi sinatitayitse nthawi. Thiransifoma ya magetsi ili ndi makoilo awiri olowera, iliyonse ya 115V, amene amalumikizidwa mophatikiza m'maiko a magetsi otsika ngati America, koma motsatizana kuno kwathu kumene magetsi ndi a 230V. Mphwanga anatsatira chithunzi choyamba m'kabuku ka malangizo osaona kuti patsamba lotsatira pali china, motero koilo iliyonse inalandira mphamvu yowirikiza kawiri imene inayenera kulandira. Fyuzi inagwira ntchito yake, chifukwa titayeza makoilowo tinapeza kuti ndi amoyo ndipo panalibe fungo la chinthu chopserera.

Sindinalole kuti tiyatsenso mwachindunji. Ndili ndi babu lakale la 60W, la mtundu uja wa kawaya koyaka m'kati, limene ndinalilumikiza motsatizana ndi soketi kuti magetsi azidzera m'babumo asanafike ku ampulifaya. Ngati m'kati muli mawaya ogundana babu limawala kwambiri ndi kutsekereza mphamvu yochuluka, koma ngati zonse zili bwino limangothwanima kamodzi makapasita akamadzaza kenako n'kuzirala. Mababu otere akusowa masiku ano, pakuti m'mashopu a ku Old Town ndi mumsewu wa Malangalanga mwadzaza a LED amene sangagwire ntchito imeneyi, n'chifukwa chake langali ndimalisunga mokulunga m'nsalu. Tinayamba titazula mavalavu onse, babu linathwanima n'kuzirala, ndipo pa mawaya a hita, kawaya kotenthetsa valavu m'kati mwake, tinapeza pafupifupi 6.3V yofunikayo. Kenako tinalumikiza masipika tisanabwezeretse mavalavu, chifukwa ampulifaya ya mtunduwu ikayendetsedwa popanda sipika thiransifoma yotulutsa mawu ikhoza kuwonongeka, ndipo chimenecho ndi chimodzi mwa zida zodula kwambiri m'katonimo.

Ma EL84 awiri anayaka bwino, koma 12AX7 inangooneka yofiirira pang'ono kwambiri moti tinachita kuphimba ndi manja kuti tione. Apa mphwanga anasekerera poganiza kuti mawu ake aja atsimikizika. Ndinatembenuza chasisi, bokosi lachitsulo lomangirapo zida zonse, ndi kuwerenga miyendo ya soketi ya valavu, imene imawerengedwa kuchokera pa mpata motsata kayendedwe ka wotchi ukamayang'ana chapansi, ndipo vuto linaonekera poyera. Pa EL84 magetsi a hita amalowa pa mwendo 4 ndi 5, ndipo iye anachita chimodzimodzi pa 12AX7 poona kuti masoketi ake ndi ofanana, onse a miyendo 9. Koma 12AX7 ili ndi mahita awiri m'kati mwake. Ukaika magetsi pa 4 ndi 5 imafuna 12.6V, pamene ukafuna kuiyendetsa ndi 6.3V uyenera kumanga 4 ndi 5 pamodzi, waya winayo n'kupita pa mwendo 9. M'mene anailumikizira iye, hita iliyonse inkalandira theka la chakudya chake. Kulakwitsa kumeneku sindikumuimba nako mlandu kwenikweni, popeza chithunzi cha m'kabukuko chinasindikizidwa chaching'ono kwambiri pamalo amene chinayenera kukhala chachikulu.

Titadya nsima masana tinabwerera, dzuwa la Okutobala litatentha malata a khonde moti thukuta linkagwera pa chasisi. Sipika ya kumanja inayamba kuimba, ya kumanzere inali chete. Ndinasinthanitsa ma EL84 awiriwo, ndipo mbali yosalankhula inakhalabe ya kumanzere, zimene zinachotsa mavalavu pa mlandu kotheratu. Ndinapisa dzanja limodzi m'thumba, linalo n'kugwira waya wa mita, kuti magetsi asapeze njira yodutsa pachifuwa ngati nditakhudza polakwika. Kumanja, pa rezisita ya 150 ohm imene ili pa mwendo 3 wa EL84, ndinapeza 7.5V, kutanthauza kuti valavu ikukoka pafupifupi 50mA monga ziyenera kukhalira. Kumanzere mita inaonetsa pafupifupi ziro. Pa mwendo 7 magetsi analipo okwanira, koma pa mwendo 9, umene EL84 imafunanso magetsi kuti igwire ntchito, panalibe kanthu, chonsecho waya wofika pamenepo unali ndi magetsi.

Nditazimitsa ndi kukhuthula makapasita ndinayang'ana pamalopo ndi galasi lokuza zinthu. Mtovu unali utaundana ngati kambewu ka nandolo, wotuwa ndi wosawala, utakhala pamwamba pa mwendo wa soketi popanda kuugwira, ndipo nditakankha ndi kamtengo waya unagwedera m'kati mwake. Izi zimachitika munthu akasungunulira mtovu pansonga ya chowotcherera n'kuudontheza, m'malo motenthetsa mwendo ndi waya pamodzi kuti mtovu usungunuke pa izo n'kuyenderera wokha. Ndinamupatsa mphwanga chowotcherera kuti akonze yekha, ndipo ndinamuuza kuti abwereze paliponse pamene mtovu ukuoneka wotuwa. Anapeza malo ena angapo, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kuyankhula zambiri.

Mbali zonse ziwiri zitayamba kuimba panatsala kung'ung'udza kosalekeza m'masipika. Phokoso lotere lili mitundu iwiri imene khutu lozolowera limasiyanitsa: lakuya la 50Hz limachokera kawirikawiri ku mawaya a hita kapena ku malumikizidwe a ethi (waya wotsitsira magetsi pansi), pamene lokwererapo la 100Hz limasonyeza kuti makapasita osefa magetsi sakugwira bwino. Lathuli linali lakuya, ndipo silinasinthe ngakhale titatsitsa voliyumu mpaka pansi. Mawaya a hita anali atangoyalidwa osapotedwa, akuyenda moyandikana ndi waya wopita ku giridi ya 12AX7, polowera mawu m'valavuyo. Tinawachotsa, tinawapota molimba awiriawiri, tinawagoneka m'mbali mwa chasisi kutali ndi mawaya a mawu, ndipo tinaonjezera marezisita awiri a 100 ohm kuchokera ku mbali iliyonse ya hita kupita ku ethi, popeza koilo ya hita ya thiransifomayi ilibe waya wapakati. Phokoso linatsika mpaka kumveka pokhapokha utagunditsa khutu pa sipika, ndipo pa ampulifaya ya mtengo umenewu ine ndikuona kuti m'pokwanira.

Pofika madzulo mphwanga anafuna kuinyamula kuti akakwere nayo minibasi, koma ndinamukaniza. Waya wa ethi wochokera ku pulagi ya mano atatu anaumangirira pa bawuti ya thiransifoma pamwamba pa penti, pamene uyenera kukhala ndi bawuti yakeyake pa chitsulo chopalidwa, ndipo m'kati mulibe rezisita yokhuthula makapasita ampulifaya ikazimitsidwa. Ndamutuma kuti Lolemba akagule rezisita ya 220k ya 2W ndi mafyuzi ena a muyezo womwewo, ndipo ampulifaya ikhala kuno pashelefu mpaka ziwirizo zitakonzedwa.